Bertha ndi Geti la pa Esiteti

Pamene Bertha Nankhoma ankapita koyamba kumsonkhano wa komiti ya chitukuko, n'kuti patangotha masabata awiri chiikireni m'manda mng'ono wake, Kettie.

Kettie anafera pangolo. Anali woyembekezera, ndipo matenda anamuyamba m'mawa wa Lachiwiri lina m'mwezi wa Febuluwale. Kuyambira kalekale, anthu a m'mudzi mwawo, kumadzulo kwa Nsaru, ankapita kuchipatala podzera msewu wafumbi wodutsa pakati pa esiteti ya fodya. Unali ulendo wa ola limodzi. Koma chaka chimenecho mwini esitetiyo, mzungu amene anthu ankamutcha Bwana Chipewa chifukwa sankavula chipewa ngakhale pamaliro, anazunguliza waya munda wake wonse n'kuika geti lachitsulo pakati pa msewu.

Ngolo itafika pagetipo, mlonda anati makiyi ali ndi abwana, ndipo abwanawo apita kutauni. Anthu anapempha mpaka kugwada, koma mlondayo nayenso analibe chochita. Operekeza Kettie anatembenuza ng'ombe n'kudzera njira ya kudambo, m'matope ofika m'mawondo. Anayenda maola anayi. Pofika kuchipatala n'kuti Kettie atatsirizika kale, pamodzi ndi mwana amene anali m'mimba.

Bertha sanali munthu wa misonkhano. Sukulu analekezera Sitandade 6 bambo ake atamwalira, ndipo ntchito yake inali yogulitsa matimati pamsika wa Nsaru. Koma anamva kuti pali komiti ya anthu osankhidwa ndi midzi, imene imakumana kamodzi pamwezi m'kalasi ya pasukulu kukambirana za mijigo, milatho ndi misewu. Anaganiza kuti akuluakulu amenewo akamva za Kettie, geti lichoka.

Anafika m'mawa, nalembetsa dzina kwa mlembi. Anamuuza kuti akhale panja, amuitana.

Cha m'ma 10 koloko inafika galimoto yoyera. Wapampando wa komiti, a Hopeson Chadza, anathamanga kukatsegula chitseko chake. Mamembala onse anaimirira. Wina anakanyamula mpando wa ahedi kuofesi n'kuuika kutsogolo, ndipo Bwana Chipewa anakhala. Zokambirana zinasanduka za m'Chingerezi, ngakhale kuti theka la anthu a m'chipindamo silinkachimva.

Bertha anasendera pawindo. Anamva mawu amodzi okha, chifukwa mzunguyo ankayankhula Chichewa akafuna kuti aliyense amve.

"Anthu akuda mukawapatsa njira lero, mawa akuba chimanga," anatero. "Ndimawadziwa ine. Ali ngati ana."

Anthu akuda khumi ndi asanu amene anali m'chipindamo anaseka.

Mpaka lero Bertha amanena kuti phwete limenelo linamupweteka kuposa mawu a mzunguyo. Miyendo inangomutenga yokha, n'kupezeka kuti waima pakhomo la kalasi.

"Pepani akuluakulu," anatero. "Ndabwera ndi nkhani ya maliro a mng'ono wanga."

"Mayi, tulukani!" anakalipa a Chadza. "Kodi simukuona kuti tili ndi abwana?"

Bwana Chipewa sanamuyang'ane n'komwe. Anangofunsa wapampandoyo kuti, "Uyu ndi wa ndani?" ngati mmene munthu amafunsira za mbuzi yolowa m'dimba.

"Ndi mkazi wa Lyton, bwana, woyendetsa thirakitala yanu."

Sabata isanathe, Lyton anachotsedwa ntchito imene anaigwira zaka khumi ndi chimodzi. Anawapatsa masiku atatu oti atuluke m'nyumba ya antchito ya kumalaini. Anasenza katundu wawo ndi mwana wawo Joyce, n'kubwerera kumudzi kwa Bertha, kumene Lyton anakakhala mkamwini wopanda munda, wopanda ntchito.

"Mwaziona tsopano, amake Joyce?" anatero tsiku limene anafika. "Pakamwa panu padya ntchito yanga."

"Bambo a Joyce, akanakhala mlongo wanu pangolo paja, mukanakhala chete?"

Kwa mwezi wathunthu m'nyumba mwawo munalibe macheza. Anansi ankamuzemba Bertha ngati ali ndi mphere, poti pafupifupi banja lililonse linali ndi mwana kapena mphwake wogwira ntchito pa esiteti. Iye ankati akakhala pamsika kuseri kwa milu ya matimati, ankadzifunsa ngati sanalakwitse. Kettie sanabwerere, geti silinachoke, ndipo tsopano banja lake linali pa mavuto.

Munthu amene anamudzutsa anali kasitomala wake, a Gideoni Mkanda, mphunzitsi wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo wa CCAP. Tsiku lina atagula mulu wawo sanachoke.

"Nankhoma, kodi ukudziwa kuti mzungu uja si membala wa komiti?"

"Aphunzitsi, mukutanthauza chiyani? Si amene amakhala kutsogolo?"

"Amakhala kutsogolo, inde. Koma palibe mudzi umene unamusankha."

"Nanga onse aja amaimiriranji akalowa?"

A Gideoni anati, "Makolo athu ankatsika panjinga akakumana ndi mzungu. Atsamunda anapita kalekale, koma mawondo athu uthengawo sanaulandirebe."

M'mawa mwake anamubweretsera kabuku kakale ka malamulo oyendetsera makomiti a chitukuko, kolembedwa m'Chichewa. Bertha ankakawerenga pamsika pomwepo makasitomala akatalikira, chala chikuyenda pansi pa liwu lililonse. Mawu amene amugonjetsa ankawachonga ndi makala kuti akafunse aphunzitsi Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Kabuku ka masamba makumi atatu kanamutengera miyezi itatu.

Koma zimene anapezamo zinamutsegula maso. Mamembala amasankhidwa ndi midzi. Mlendo aliyense amayankhula pokhapokha atapatsidwa mpata. Munthu aliyense wa m'dera ali ndi ufulu wobweretsa dandaulo lake ndi kumvedwa. Panalibe tsamba limene linkatchula za khungu la munthu.

Anagula kope la ana a sukulu ndi inki, n'kuyamba kuyenda m'midzi. Ankafunafuna anthu achikulire amene ankayendetsa ngolo pamsewu uja esiteti isanabwere, n'kulemba zimene akukumbukira. Wovomereza kuti geti lichoke ankadinda chala chake.

Ambiri ankakana. Ena ankalowa m'nyumba akamuona akutulukira. Mayi wina dzina lake Vainess, amene mwana wake anali kapitawo pa esiteti, anamuthamangitsa ndi chipande m'manja.

"Mwana wanga akachotsedwa ntchito, udzamudyetsa ndiwe? Choka pano, usatibweretsere tsoka lako!"

Chaka chimenecho chisanathe panachitika chisankho cha oimira midzi mu komiti. Bertha anaimika dzina lake. Kumeneko anthu amavota poima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Kumbuyo kwa mnzake amene ankapikisana naye kunaima anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Bertha atacheuka anawerenga anthu asanu ndi anayi okha. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba.

Koma womaliza pamzere waufupiwo anali Lyton, manja ali m'thumba, akuyang'ana pansi.

Pobwerera kunyumba anayendera limodzi. Atatsala pang'ono kufika, Lyton anati, "Ndakhala ndikuganiza, amake Joyce. Amene anandichotsa ntchito sindinu."

Bertha analira panjira pomwepo, koyamba chichitikireni maliro.

Chisankho china chinali patali, chodzachitika pakatha zaka zitatu. Munthu wina akanapinda manja. Bertha anatenga nkhaniyo kupita nayo kwa amayi a Chigwirizano kutchalitchi. Anawauza kuti geti sangalichotse lero, koma akhoza kuonetsetsa kuti mayi wina asaferenso pangolo. Anagwirizana kuti woyembekezera aliyense akafika mwezi wachisanu ndi chitatu, azimuperekeza kuchidikiro ku chipatala masiku asanakwane. Ankasinthana kumutengera ufa ndi nkhuni. Bertha anayenda njira ya kudambo ija maulendo osawerengeka, mtolo uli pamutu, kope lili m'chitenje.

Lyton naye anapeza njinga yamoto ya mlamu wake n'kuyamba kabaza. Tsiku lina masana, mdzukulu wa Vainess anakomoka ndi malungo. Pageti anawauza zomwe zija, kuti makiyi palibe. Lyton ndi amene anamutenga mwanayo pamodzi ndi mayi ake, n'kuwadutsitsa kudambo, pena akukankha njingayo m'madzi. Mwanayo anapulumuka mwamwayi.

Patapita masiku ochepa Vainess anafika pamsika n'kuima patsogolo pa milu ya matimati.

"Anankhoma," anatero motsitsa mawu, "kope lija muli nalo pano?"

Pofika chisankho chachiwiri, m'kopemo munali zala mazana anayi ndi khumi ndi ziwiri. Ulendo uno mzere wa kumbuyo kwa Bertha unakafika kumjigo.

Msonkhano wake woyamba monga membala unachitikira m'kalasi yomwe ija. A Chadza anali akadali wapampando. Cha m'ma 10 koloko galimoto yoyera inafika, ndipo mamembala anaimirira monga mwa chizolowezi. Bertha anakhalabe pansi.

Atangoyamba Chingerezi, Bertha anakweza dzanja.

"Wapampando, ndili ndi funso. Ine ndatumidwa kuno ndi midzi itatu. A Yosefe apawa atumidwa ndi midzi inayi. Kodi bambo awa anasankhidwa ndi mudzi uti?"

Onse anayang'ana a Chadza.

"Mayi, abwana ndi amene amatithandiza pa chitukuko," anayankha a Chadza, thukuta lili kamukamu.

"Tikuthokoza thandizo lawo. Koma kabuku kathu, tsamba lachisanu ndi chiwiri, kakuti mlendo amayankhula akapatsidwa mpata. Ndikupempha kuti akhale pabenchi ya alendo ngati mlendo wina aliyense, ndiponso kuti tiziyankhula Chichewa, kuti amene anatituma azimva zimene tikuwapangira."

Bwana Chipewa anaseka. "Hopeson, mkazi uyu ndi wamisala?"

Amene anayankha sanali wapampando. Anali a Yosefe, bambo wachikulire amene anakhala mu komitiyo zaka zisanu ndi zinayi osatsutsapo kanthu. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Ine zaka zonsezi ndakhala ndikugwedeza mutu pa zinthu zimene sindinkazimva," anatero. "Tsiku lija mayiwa anathamangitsidwa muno, ine ndinaseka nawo. Ndakhala ndikuchita nazo manyazi. Ndikugwirizana ndi pempho lawo."

Anavota pokweza manja. Asanu ndi atatu anavomera, asanu ndi awiri anakana. Mzunguyo anadzuka, natuluka, n'kumenyetsa chitseko cha galimoto.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepa anthu akululutira. Ayi ndithu. Bwana Chipewa anali atalonjeza malata a chipinda chatsopano cha Sitandade 5, chimene makolo anali atamanga kale ndi njerwa zawo. Malatawo sanabwere. Mvula inayamba chipindacho chili chosafolera, ndipo ana ankabwerera kunyumba makope atanyowa. Mmodzi wa anawo anali Joyce.

Anthu anamutembenukiranso Bertha. Wina anamupondera matimati pamsika dala. Ena ankati, "Ufulu wakewo tifolera nawo sukulu?" Funso limeneli linamulasa, chifukwa linali loona. Iye mwini amavomereza kuti panali masiku amene anaganiza zopita kukapepesa pageti.

Anapita kukaona a Gideoni, amene pa nthawiyo anali atadwalika ndipo sankatulukanso m'nyumba.

"Aphunzitsi, ndalakwitsa kodi? Ana akuvutika chifukwa cha ine."

"Sindikunamiza, Nankhoma, akuvutikadi," anatero mkuluyo. "Ndipo sindikudziwa ngati udzapambana. Koma ndikufunse. Ukapepesa, malata akabwera, Joyce adzaphunzira chiyani m'chipinda chimenecho?"

Bertha anabwerera kunyumba akulisinkhasinkha funsolo. Loweruka lotsatira iye ndi amayi a Chigwirizano anatenga zikwakwa. Anasonkhanitsa udzu wotsala m'midzi, ena anasasula makola awo a mbuzi, ndipo amuna ochepa, motsogoleredwa ndi Lyton ndi a Yosefe, anakwera padenga. Chipindacho chinafoleredwa ndi udzu. Chinkadontha pakona imodzi, koma ana anaphunzira.

Kenako komiti inalemba kalata yake yoyamba ya m'Chichewa yopita kuboma, yopempha kuti malire a esiteti ayezedwe. Bertha ndi amene anaipititsa, pamodzi ndi kope lija. Anakwera minibasi ya kutauni maulendo asanu ndi awiri, akusiya matimati m'manja mwa anzake. Anaphunzira kudikira pabenchi osataya ulemu, ndiponso kufunsa dzina la munthu aliyense amene walandira pepala lake.

M'mwezi wa Ogasiti kunabwera anthu awiri oyeza malo, ali ndi mapu akale. Anayenda ndi nkhalamba za m'midzi masiku awiri. Mapu ndi nkhalambazo zinanena chimodzimodzi: msewu unalipo esiteti isanakhazikitsidwe, ndipo sunali mkati mwa malire ake.

Geti linazulidwa Lachisanu lina m'mawa ndi antchito a pa esiteti pomwepo. Bertha kunalibe. Linali tsiku la msika, ndipo anamva kwa makasitomala. A Gideoni sanalione tsikulo, anali atamwalira mwezi wa Juni.

Chimene chimandichititsa kuti ndikufotokozereni za mayi ameneyu chinachitika pambuyo pake. Patapita miyezi, Bwana Chipewa anabwera kumsonkhano ndi dandaulo. Ng'ombe za anthu odutsa pamsewu zinkalowa mu nazale yake ya fodya. Dzina lake linalembedwa lachinayi, ndipo anadikira mpaka atatu a patsogolo pake atamvedwa. Itafika nthawi yake, mamembala ena anayamba kunong'onezana kuti nayenso alawe, angomusiya panja mpaka dzuwa lipendeke.

Bertha anakana.

"Ine ndikudziwa mmene zimapwetekera kuima pakhomo ndi nkhani yako, anthu osakumvera," anatero. "Sitinavutike zaka zonsezi kuti tingosinthana nawo malo. Alowetseni, tiwamvere."

Anamumvera, ndipo dandaulo lake linali loona. Komiti inalamula kuti eni ng'ombe aziziyang'anira podutsa. Mzunguyo sanapepesepo za Kettie, ndipo Bertha sayembekezeranso kuti adzapepesa.

Lero Bertha ndi wachiwiri kwa wapampando wa komitiyo. Sanalemere. Mukafika pamsika wa Nsaru mudzamupeza akugulitsabe matimati, ndipo Lyton akadali pa kabaza. Nkhondo yake yatsopano ndi ya matenanti, mabanja amene amabwera kuchokera kutali kudzalima fodya m'maesiteti. Poti alibe mudzi wawo m'deralo, alibe wowaimira mu komiti, ndipo ana awo ambiri sapita kusukulu. Pa nkhani imeneyi akutsutsidwa ndi anthu ena omwe anaima kumbuyo kwake, amene akuti obwera asalowerere za eni dera. Wagonja kale pa mavoti kawiri. Akukonzekera kuibweretsanso kachitatu.

Inu amene mukuwerenga, mwina kwanuko pali khomo limene mumaima panja chifukwa cha khungu lanu, mtundu wanu, kapena sukulu imene simunamalize. Mwina munayesapo kuyankhula, anthu n'kukusekani, ndipo amene anaseka kwambiri anali anzanu enieni. Musadziyese wochepa. Fufuzani chimene lamulo likunena, muchiwerenge ngakhale pang'onopang'ono. Yambani ndi anthu ochepa amene avomera kuima nanu. Dziwani kuti mudzalipira mtengo, ndipo padzakhala masiku okayika. Koma mukagonja lero, mawa mudzukenso mukalembetse dzina lanu.

Limbani mtima, abale anga. Dziko lino ndi lanunso, ndipo mawu anu ali ndi malo ake.